Bwanji makatuni a m'magazini akale amabwereza nthabwala zomwezomwezo?

Funso lafika kuchokera kwa mayi wina wophunzitsa pa sekondale ku Zomba: "Agogo anga aamuna adagwira ntchito ya ukhukhi kwa azungu zaka zambiri, kuno kwathu ndi ku Salisbury komwe. Atamwalira tidapeza m'sutikesi mwawo mulu wa magazini achingerezi a m'ma 1950, ena a Punch, ena a ku America, omwe mabwana awo ankataya iwo n'kumatola. Ndakhala ndikuona makatuni ake, ndipo ndadabwa kuti nthabwala zake ndi zomwezomwezo: munthu wandevu pa kachilumba ka mtengo umodzi, munthu wagona pa sofa dokotala akulemba, mkazi akudikira mwamuna pakhomo ndi chomenyera m'manja, komanso mzungu ali mumphika anthu akuda atamuzungulira. Kodi ojambulawa anali aulesi, kapena ankangoberana? Nanga n'koyenera kuti ana anga a sukulu aone zimenezi?"

Mayi, pepani ndi imfa ya agogo, ndipo zikomo kuti mapepalawo simudasonkhezere moto kapena kupatsa ogulitsa zitumbuwa kuti azikulungira. Magazini ambiri a mtundu umenewu kuno kwathu adathera komweko, ena adadyedwa ndi chiswe. Muli ndi chuma m'sutikesimo.

Kuberana kunalipo, ndipo nkhani yake ndiikamba. Koma ulesi ayi. Kachilumba mukukaonako si ndiko nthabwala. Kachilumbako ndi bwalo, nthabwala ndi gule amene wojambula aliyense amabwera naye pabwalopo, ndipo bwalo silisintha chifukwa choti lero kwabwera ovina ena.

Taganizani vuto la munthu wojambula katuni ya bokosi limodzi. Alibe masamba khumi ofotokozera nkhani. Ali ndi kabokosi kamodzi pakona ya tsamba, pakati pa nkhani yaitali ndi malonda a sopo, ndipo wowerenga amuyang'ana kanthawi kongophethira kawiri katatu asanatembenuze pepala. M'kanthawi kameneko wowerengayo ayenera kudziwa kuti tili kuti, awa ndani, chawavuta n'chiyani, kenako aseke. Zitatu zoyambazo zikamudyera nthawi, chachinayicho sichifika. Ine ndikamaphunzitsa achinyamata kujambula ndimatenga choko n'kulemba mzere wokhota ngati msana wa fulu, pamwamba pake mzere woimirira wopindika pang'ono, masamba asanu kunsonga, timafunde tiwiri m'munsi. Ndisanatsitse dzanja wina kumbuyo wakuwa kale kuti "chilumba!" Ambiri mwa anawo nyanja yamchere sadaionepo, koma akudziwa kuti munthu wokhala pansi pa mtengowo ngalawa yake idamira, alibe chakudya, alibe kothawira, wakhalapo nthawi yaitali. Zonsezo ndazipeza ndi mizere isanu ndi inayi, osalemba liwu n'limodzi lomwe. Mphamvu zanga zonse zatsalira nthabwala yeniyeniyo.

Ife a kuno siziyenera kutidabwitsa. Agogo akati "Padangokhala," ife n'kuyankha "Tili tonse," iwo n'kupitiriza kuti padali Kalulu ndi Fisi, palibe mwana amene amadandaula kuti Kaluluyo tidamumva kale dzulo. Tikudziwa kuti Fisi ndi wadyera, Kalulu ndi wochenjera, Njovu ndi wamphamvu koma wochedwa kuzindikira. Chomwe takhalira chete pamoto paja ndi kumva njira imene Fisi apusitsidwire usiku uno. Kudziwiratu kuja ndiko kumakometsa nthano. Makatuni a m'sutikesi mwanu amayenda chimodzimodzi.

Sizidayambe choncho. Magazini ya Punch idayamba ku London mu 1841, ndipo ndiyo idapatsa liwu loti katuni tanthauzo lomwe tikulidziwa lero. Kale liwulo linkatanthauza chithunzi choyeserera chomwe mmisiri amajambula papepala lolimba asanapente khoma. Mu 1843 boma la Britain lidaonetsa zithunzi zoyeserera zotere za m'nyumba ya malamulo yatsopano, yakale itapsa mu 1834. John Leech adajambula anthu osauka ansanza, ana ndi olumala, atalowa m'nyumba yoonetsera zithunzi n'kumayang'ana zithunzi za olemera, ndipo Punch idachitcha katuni yoyamba. Uthenga wake unali woti boma likupatsa anjala zithunzi m'malo mwa buledi. Dzinalo lidakanirira.

Mukapeza Punch wa nthawi ya Mfumukazi Victoria, muona kuti pansi pa chithunzi pankakhala kasewero kathunthu: dzina la wolankhula, momwe walankhulira, yankho la mnzake, mwinanso mzere wonena komwe zikuchitikira. Yotchuka kwambiri ndi ya George du Maurier ya mu November 1895. Wansembe wamng'ono, wamantha, akudya chakudya cham'mawa kunyumba kwa bishopu wake. Bishopu akuti, ndikuona ngati dzira lanulo ndi lovunda. Wansembe uja, poopa kukhumudwitsa bwana, akuyankha kuti ayi mbuyanga, mbali zina za dzirali n'zabwino kwambiri. Aliyense amene adadyapo kwa bwana kapena kwa apongozi akuimva nthabwalayi mpaka m'mafupa. Angerezi mpaka lero chinthu chosakaniza zabwino ndi zoipa amachitcha dzira la wansembe. Nkhani ya kuberana ija ndi iyi: miyezi ingapo m'mbuyo mwake, chaka chomwecho cha 1895, magazini ina yopikisana ndi Punch, yotchedwa Judy, inali itatulutsa kale katuni ya bishopu, wansembe ndi dzira lomwelo, mawu ake ofanana kwambiri. Dziko lidakumbukira ya du Maurier chifukwa Punch inali ndi dzina. Ndiye mukakayikira kuti ena ankakolola m'munda mwa anzawo, simukulakwa.

Kusintha kwakukulu kudabwera ndi magazini ya ku America yotchedwa The New Yorker, yomwe Harold Ross adayambitsa mu February 1925. Kumeneko kasewero ka pansi pa chithunzi kadafupika mpaka kukhala mzere umodzi, mawu a munthu mmodzi. Ross ankalimbikira kuti wowerenga aziona yekha amene akulankhula, n'chifukwa chake m'makatuni a nthawi imeneyo mupeza munthu mmodzi yekha ali kukamwa yasa, ena onse atatseka. Chitsanzo chabwino ndi cha Peter Arno cha mu 1941. Ndege yankhondo yagwa, utsi uli tolotolo, akuluakulu a asilikali akuthamangira komweko, woyendetsa akutsika ndi parachuti chapatali. Munthu mmodzi yekha, injiniya amene adaipanga, wafungatira mapulani ake m'khwapa, akulowera kwina akutikita m'manja nkhope ili ngwee, akuti basi tibwerere pa tebulo lojambulira. Mawuwo adalowa m'Chingerezi cha tsiku ndi tsiku. Koma onani chimene chidachitika: mawu atachepa, katundu yense adagwera pa chithunzi. Chithunzi chimene wowerenga akuchidziwa kale chidasanduka chamtengo wapatali. Pofika m'ma 1950, zaka za magazini a agogo anu, Punch nayo inali itatsata njira yomweyo.

Kachilumba ndiko kandikoka mtima kuposa zonse, choncho mundilole ndichedwepo. Muzu wake uli m'nkhani za ngalawa zomira zomwe Angerezi adakula nazo, makamaka buku la Daniel Defoe la Robinson Crusoe la mu 1719. Nthawi imene anthu ankawoloka nyanja pa sitima zapamadzi, kumira sikunali nthano chabe. Makatuni oyambirira a chilumba ankaonetsa chilumba chachikulu ndithu, nkhalango kumbuyo, zidutswa za sitima pamchenga, mwina sitimayo ikumira chapatali, kuti wowerenga amvetse chachitika. Zaka zikupita, ojambula adaona kuti owerenga safunanso kufotokozeredwa. Sitima idachoka. Nkhalango idachoka. Chilumba chidanka chichepa mpaka kutsala kachulu kokwana anthu awiri ndi mtengo umodzi wa kokonati, chinthu chimene m'nyanja zenizeni simungachipeze, poti funde limodzi lingachikokolole. Chidasiya kukhala malo n'kukhala chizindikiro, ngati mtanda wofiira pa ambulansi. Bob Mankoff, amene anali mkonzi wa makatuni a The New Yorker kuyambira 1997 mpaka 2017, adanena kuti makatuni otere adayamba kuoneka m'magaziniyo m'ma 1930, ndipo chaka chimene adachuluka kwambiri ndi 1957, pamene adatuluka 17. Magaziniyo imatuluka sabata ndi sabata, ndiye kuti pafupifupi pa makope atatu aliwonse limodzi linali ndi kachilumba.

Chimene kachilumbako kamachita n'chakuti kamavula munthu zonse. Palibe ofesi, sitolo, bwana, apolisi, ngakhale woyandikana naye. Ndiye wojambula amabwezapo chinthu chimodzi chokha cha m'tauni, n'kuona momwe chikuonekera chopusa chikakhala pachokha. Anthu awiri atsala ndi mtengo umodzi, koma akukangana za malire. Wina wamanga tayi pa malaya ong'ambika poti lero ndi Lolemba. Botolo lafika ndi funde, munthu akulitsegula ndi chiyembekezo, m'kati muli kalata ya ngongole. Zitsanzo izi mukhoza kuzipeka nokha mpaka kucha, ndipo apo ndi pamene pagona mphamvu yake: funso la pansi pake ndi lakuti, mwa makhalidwe athu onsewa, ndi ati amene tingawanyamule ngakhale dziko lonse litatithawa? Ojambula abwino ankayankha funso limenelo. Ojambula wamba, makamaka m'magazini a amuna a m'ma 1950, ankangoikapo mwamuna ndi mkazi wovala zosakwanira, nthabwala n'kukhala chilakolako cha mwamunayo basi. Mwa zilumba za m'sutikesi mwanu mupezamo za mitundu yonse iwiri, ndipo simuvutika kuzisiyanitsa.

Palinso chifukwa cha msika, chimene anthu okonda luso sakonda kuchitchula. Ojambula ambiri a ku America sanali pa malipiro a pamwezi. Ankalipidwa katuni ikagulidwa. Ku New York Lachitatu linali tsiku lozungulira: munthu ankanyamula mulu wa zithunzi zoyeserera n'kuyenda ofesi ndi ofesi, The Saturday Evening Post, Collier's, Look ndi ena, kuyambira kwa olipira bwino kutsikira kwa olipira pang'ono. Zokanidwa uku ankakaziyesa uko. Sabata yotsatira ayenera kubweranso ndi mulu wina watsopano. Munthu wofunika nzeru zatsopano khumi sabata iliyonse, chaka ndi chaka, lendi ikumudikira, sangayambe pa pepala loyera nthawi zonse. Amakhala pansi n'kudzifunsa kuti pachilumba sipadachitike chiyani, pa chipata cha kumwamba Petulo Woyera sadanene chiyani, munthu wokwawa m'chipululu ndi ludzu sadakumane ndi chiyani, akaidi awiri olendewera pa maunyolo sadakambirane chiyani. Komanso ambiri nthabwala sankapeka okha. Kunali anthu ena ntchito yawo yongolemba nthabwala n'kugulitsa kwa ojambula, n'kumalandirako gawo la malipiro. Richard McCallister adapeka zambiri zimene Peter Arno ndi George Price adajambula. Wolemba mmodzi akamadyetsa ojambula angapo, musadabwe nsima ikamafanana kakomedwe. Msika umenewu udagwa pamene wailesi yakanema idalanda otsatsa malonda: Collier's idatseka mu 1957, The Saturday Evening Post idaima kutuluka mu 1969, Look idatha mu 1971.

Musiyanitse mitundu iwiri ya kubwereza. Chilumba, chipululu ndi chipata cha kumwamba ndi dambo la mudzi wonse, aliyense amadyetsapo ziweto zake. Koma ojambula ena anali ndi munda wawowawo. H. M. Bateman ku Britain adatchuka m'ma 1920 ndi mndandanda wa munthu amene walakwitsa kanthu kakang'ono pagulu: msilikali wagwetsa mfuti pa perete, mlendo wayatsa ndudu paphwando anthu asanamwere ulemu wa mfumu. Wolakwayo amamujambula wamng'ono, ena onse maso ali tong'o, ndevu zaima, mipando ikugwa, ngati dziko latha. Nthabwala ndi imodzi nthawi zonse, yoti Angerezi apamwamba ankaopa kuphwanya mwambo kuposa kuchimwa, koma sidatope chifukwa miyamboyo inali yosawerengeka. Helen Hokinson ku The New Yorker ankajambula amayi onenepa a zipewa zamaluwa, a m'makalabu a amayi olemera, osokonezeka pa msonkhano wa zachuma cha kalabu koma amtima wabwino. Mawu ambiri ankamulembera James Reid Parker, ndipo awiriwa adagwira limodzi mpaka Hokinson adafa pa ngozi ya ndege ku Washington mu 1949. Iye sankawanyoza amayi aja, ankawakonda, ndipo zimaoneka m'mizere yake. Antonio Prohías, amene adathawa ku Cuba mu 1960 makatuni ake atamudanitsa ndi boma la Fidel Castro, adayambitsa m'magazini ya Mad mu 1961 akazitape awiri a mphuno zosongoka, wina wovala zoyera wina zakuda, ofanana china chilichonse, otcherana misampha popanda liwu. Wotchera msampha ndiye kawirikawiri amakodwa. Munthu amene adaona ndi maso ake mkangano wa America ndi Soviet Union ukudya dziko lake adaujambula ngati Kalulu awiri osatha kugonjetsana. Ngakhale chikuto chimabwerezedwa: mnyamata wonyada wa chipewa chachitali, woyang'ana gulugufe pa galasi la diso limodzi, amene Rea Irvin adajambula pa kope loyamba la The New Yorker, wakhala akubwerera pafupifupi February aliyense, nthawi zina momwe analili, nthawi zina atasinthidwa.

Za sofa sindichedwapo. Zidachokera kwa Sigmund Freud, amene ankagoneka odwala maganizo pa sofa iye n'kukhala kumutu kwawo komwe sangamuone, kuti alankhule momasuka. Sofa yeniyeniyo ilipo mpaka lero m'nyumba yomwe adakhalamo ku Hampstead mu London atathawa ku Vienna mu 1938. N'chifukwa chake dokotala wa m'katuni nthawi zambiri ali ndi kandevu ndi magalasi. Kwa wojambula, sofayo ndi malo omwe aliyense, kaya mfumu, galu kapena chigawenga, amaloledwa kunena za kumtima mu mzere umodzi. Nthabwala zina zimakuuzani chaka cha magazini ngakhale chikuto chitathothoka. Zombo zozungulira ngati mbale zochokera m'mlengalenga zidadzaza makatuni nkhondo yachiwiri itatha. Mu 1953 Alex Graham adajambula tizolengedwa tiwiri titatsika m'chombo chotere m'munda, tikuuza hatchi mwaulemu kuti ititengere kwa pulezidenti wake. Kuchokera apo alendo a m'mlengalenga ofunsa mtsogoleri kwa chinthu cholakwika adakhala bwalo lina latsopano.

Tsopano mkazi wa pakhomo uja. Chomwe wagwiracho ndi kamtengo kobulungira kosalazira mtanda wa buledi, kwa ife tingati wagwira mthiko. Chidatchuka ndi Maggie, mkazi wa Jiggs, m'makatuni a m'nyuzipepala a George McManus omwe adayamba mu 1913, ndipo magazini adachitola. Pamodzi naye pamabwera apongozi aakazi olongolola ofika ndi masutikesi, mkazi woyendetsa galimoto n'kugunda geti, ndi bwana wonenepa wothamangitsa sekilitale kuzungulira desiki. Apa ndi pamene ndimasiya kuteteza ojambulawa. Nthabwala yobwerezedwa imagwira ntchito chifukwa wojambula ndi wowerenga agwirizana kale kanthu kena osakakamba. Pa chilumba, chomwe agwirizana n'chosapweteka munthu. Pa sekilitale, agwirizana kuti mtsikana wothawa bwana wake ndi nkhani yoseketsa, pamene mtsikana weniweni wa mu ofesi yeniyeni ankadziwa kuti akakana ntchito yatha. Pafupifupi onse ojambula, olemba nthabwala ndi akonzi anali amuna, ndipo zikuoneka.

Ya apongozi ija ana anu mwina sangaiseke n'komwe, ndipo chifukwa chake n'chokoma kuchikambirana m'kalasi. Kwa Achewa mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapatsana ulemu wotalikirana, kale ankapatukirana njira, osadyera pamodzi, osayang'anana m'maso. Nthabwala zopweteka timasungira asuweni, kapena agogo ndi adzukulu awo. Mngerezi alibe chisuweni chotere, ndipo mkwiyo wa m'nyumba yopanikizana ankautulutsira pa apongozi. Nthabwala imene ku London inkaseketsa basi yonse, ku Dedza ikhoza kungochititsa manyazi.

Popeza agogo anu anali khukhi, yang'ananinso makatuni a antchito a m'nyumba. Punch idawayamba kalekale. M'ma 1850 John Leech yemwe uja ankajambula atsikana antchito ofuna kuvala ndi kulankhula ngati madona awo, ndipo choseketsa chinali choti wantchito waiwala malo ake. Ogula magazini anali olemba antchito, ndiye nthabwala inkaima kumbali yawo. Ku America Ted Key adaitembenuzako ndi Hazel, wantchito wa m'nyumba wolamula bwana ndi banja lonse, amene adayamba kutuluka mu The Saturday Evening Post mu 1943. Ndimayesa kuganiza agogo anu madzulo, mbale atatsuka, atakhala kukhitchini kapena kuboyizikota ndi nyali, akutsegula masamba omwewa n'kupeza munthu wa ntchito yawo ali choseketsa cha bwana. Adawasungabe magaziniwo. Mwina ankaphunziramo Chingerezi, mwina ankafuna kudziwa chimene azungu amaseka akakhala okhaokha.

Mphika ndiye wandipweteka kuyambira tsiku lomwe ndidauona koyamba, ndipo sindikufuna kuuchepetsa. Mmishonale kapena mlenje wa chisoti cha atsamunda ali m'chimphika chachikulu pamoto, omuzungulira ndi anthu akuda a milomo yokokomezedwa, fupa pamphuno kapena m'tsitsi, mikondo m'manja. Malo satchulidwa, chifukwa kwa wojambulayo Africa yense, ndi zilumba za ku Pacific zomwe, ndi mudzi umodzi. Chithunzichi chidakula ndi nkhani za apaulendo a m'zaka za m'ma 1800 zimene zinkagulitsa mabuku ndi kusonkhetsa ndalama ku Ulaya, ndipo chidathandiza anthu wamba kumeneko kukhulupirira kuti kulanda maiko athu kunali kutichitira chifundo. Werengani mawu a pansi pake mosamala muone momwe chimagwirira ntchito. Kawirikawiri wakudayo amalankhula ngati mayi wa ku London wodandaula za mchere, kapena ngati woperekera zakudya mu hotela yapamwamba. Kuti museke, muyenera kuvomereza kaye kuti munthu wakuda wolankhula mwaulemu ndi mwanzeru ndi chinthu chosatheka. Popanda chikhulupiriro chimenecho palibe nthabwala. Tsono kumbukirani kuti zaka zomwezo mphikawu ukusindikizidwa, kuyambira 1945 mpaka 1953, munthu wa ku Kasungu, Dr Hastings Kamuzu Banda, anali ndi chipatala chake ku Harlesden mu London momwemo, akuchiza Angerezi. John Chilembwe anali ataphunzira ku Lynchburg mu Virginia n'kubwerera kudzatsegula mishoni ndi sukulu ku Chiradzulu mu 1900. Ojambula sankanama chifukwa chosowa umboni. Mphikawo unali wosavuta kujambula, owerenga ankaudziwa, akonzi ankagula. Ubwino womwe uja wa bwalo lodziwika kale, woti wowerenga safunika kuganiza, ndiwo udasunga bodza limeneli zaka zambirimbiri.

Mphika udayamba kuzimiririka m'magazini akuluakulu maiko a mu Africa atalandira ufulu ndipo anthu akuda a ku America atalimbana ndi tsankho m'ma 1960, pamene osekedwa aja adakhala owerenga, olemba makalata kwa mkonzi, ndi ogula katundu wotsatsidwa m'masambamo. Chilumba chikadalipo mpaka lero. Kusiyana kwake n'koti pachilumba wowerenga amadziseka yekha, pamphika ankaseka munthu amene sadafunsidwe. Ndionjeze kuti kuyang'anako sikunali kwa mbali imodzi. M'gule wamkulu muli Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Makolo athu nawo adamuona mlendoyo, namuika pabwalo momwe ankamuonera.

M'makope a Punch mukhozanso kupeza kubwereza kwa mtundu wina, kwa makatuni a ndale, komwe wojambula amabwereka chithunzi chotchuka n'kusintha nkhope. Mu 1890 John Tenniel adajambula Bismarck, nduna yaikulu ya Germany imene inali itangochotsedwa pa udindo, akutsika makwerero a sitima, mfumu yake Kaiser Wilhelm II akumuyang'ana ali pamwamba, ndipo kuyambira pamenepo nduna zambiri zochotsedwa ntchito zajambulidwa zikutsika makwerero omwewo. Mu December 1892 Linley Sambourne adajambula Cecil Rhodes atatangadza Africa, phazi lina ku Cape lina ku Egypt, waya wa telegalafu uli m'manja. Waya umenewo udadutsadi kwathu kuno, ku Blantyre mpaka ku Karonga. Ojambula a masiku ano amabwerekabe chimphona chotangadzacho akafuna kunena za aliyense wofuna kumeza Africa.

Ana anu aone, Mayi, ndi mphika womwe. A fomu 3 ndi fomu 4 ndi akuluakulu ndithu, ndipo zithunzi zonyoza anthu akuda akukumana nazo kale pa foni popanda wowafotokozera. Koma musawapatse mulu wonse kuti azingotsegula. Sankhani zilumba zitatu za ojambula osiyana, muphimbe mawu a pansi ndi kapepala, ana alembe awoawo m'Chichewa, kenako muvundukule. Adzaona okha kuti bwalo ndi limodzi koma magule ndi osiyana, ndipo ena mwa iwo adzaposa wojambulayo. Tsiku lina mubwere ndi mphika, sekilitale ndi wantchito wa m'nyumba, muwafunse mafunso atatu pa chilichonse: akuseka ndani, akusekedwa ndani, ndipo tiyenera kukhulupirira chiyani kuti tiseke nawo. Muwauze kuti magaziniwa adasungidwa ndi khukhi wa kuno kwathu. Mukatha kupeza pa intaneti katuni ya Charles Addams ya mu January 1940, muwaonetsenso: munthu akutsetsereka pa chipale chofewa ndi matabwa awiri kumapazi, mizere ya mapazi ake yadutsa wina kumanja wina kumanzere kwa mtengo waukulu, iye ali bwinobwino kutsogolo, mnzake watembenuka akudabwa. Ilibe mawu, siidalira bwalo lililonse lakale, siinyoza munthu, ndipo ana a ku Zomba omwe chipale sadachionepo amaiseka mofanana ndi a ku New York. Ndi bwino adziwe kuti zoterezi zinkathekanso.

Magaziniwo muwachotse pansi, muwaike pa shelefu kutali ndi khoma lonyowa, poti chiswe chimalowera kumeneko. Musawatsekere m'jumbo, chifukwa nthawi ya dzinja pepala limachita thukuta m'katimo n'kumera nkhungu. Katoni youma yokhala ndi chivundikiro ndi yabwino, magazini atagona chogona, osaima. Dzuwa limafiiritsa pepala n'kulifumbutsa, choncho m'kalasi mupite ndi zithunzi zojambula pa foni kapena mafotokope, enieniwo atsale kunyumba. Timawaya tomangira pakati tikachita dzimbiri, titulutseni pang'onopang'ono ndi nsonga ya mpeni tisanadye pepala. Tsamba likang'ambika musamatepo selotepi, chifukwa pakapita zaka zochepa guluu wake amasanduka wachikasu n'kulowerera m'chithunzi, ndipo sachokanso.